Mbewu za m'Bokosi la Mwayi

Mitambo inali itayamba kale kuda kwa Mpalale, koma Nasimbeko analibe mbewu ngakhale njere imodzi. Masiku amenewo mbewu sizinkagulitsidwanso poyera. Munthu unkasewera gemu pa foni, ukapambana kampani inkakutumizira bokosi la mwayi, ndipo zam'kati unkazidziwa utatsegula.

Mwamuna wake, a Chikuse, ndiwo ankasewerera banja lonse, mpaka zala zinachita matuza, maso ali psuu. M'bokosi loyamba munatuluka chipewa chonyezimira choveka mbuzi. M'bokosi lachiwiri munali mpini wa khasu woyaka magetsi.

"Bambo a Mwatitha, kodi chaka chino tidzadya chipewa?"

"Pirirani, mayi. Akuti mpini umenewu ngosowa kwambiri, boma lonse lino tili nawo anthu awiri okha."

Mvula itagwa, bokosi lachitatu analitsegula atayamba apemphera. Munali chipewa chinanso cha mbuzi, koma chobiriwira.

Nasimbeko anapita kwa azakhali ake, amene ankabisa chimanga cha makolo kudenga la khitchini, ndipo m'mawa mwake anadzala munda wonse.

Chimangacho chitangomera, foni inalira: "Mwabera gemu podzala mbewu zosachokera m'bokosi. Banja lanu lachotsedwa mpaka muyaya."

A Chikuse anawerenga uthengawo mobwereza, kenako anakhala pansi.

"Ndiye kuti sindidzaseweranso?"

"Akutero eni ake," anayankha Nasimbeko, mtima uli m'mwamba.

Bamboyo anaika foni pamphasa, nawongola zala zake chimodzichimodzi.

"Mayi a Mwatitha," anatero motsitsa mawu, "akadzatikhululukira, chonde musadzandiuze."