Kalata Yokana Dandaulo Langa

"Lembani," anatero wapampando wa komiti yoona za madandaulo, akuyendayenda kumbuyo kwanga. "Komiti sinapeze umboni woti wodandaulayu anagwidwa m'chiuno."

Ndinasiya kutayipa. Wodandaulayo ndinali ine. Mlembi pa ofesi yonseyi ndine ndekha, ndiye kalata yokana dandaulo langa inafika pa tebulo langa lomwe.

"Bwana, zoona nditayipe ineyo?"

"Nanga atayipe ndani, mayi? Lamulo likuti tikuyankheni polemba, ndipo ife pano lamulo timalitsatira."

Kuseri kwa galasi, mkulu wa zamalonda, yemwe ananditsekera m'chipinda cha mafayilo n'kundigwira m'chiuno tsiku lija, ankauzira tiyi wake. Maso athu atakumana, anandikwezera kapu.

Ndinatayipa. Ndinasindikiza, ndinadinda chidindo, n'kuipinda katatu monga ndichitira ndi makalata onse. Wapampando anasayina osawerenga.

"Muiike mu envulopu, ipite kwa mwiniwake lero lomwe. Asayine kuti walandira."

"Mwiniwakeyo ndi ine, bwana."

Anayang'ana wotchi yake, n'kutola makiyi a galimoto.

"Ndiye zaphweka," anatero. "Sitiwononga sitampa."