Timabowo Timene Achangu Sanatiyeze

Panali munthu wina wogwira ntchito mu labu yoyeza mapulasitiki, anzake ankangomuti Achangu. Musaganize kuti ankamutama, ayi. Changu chake chinali chothawira ntchito basi!

Ntchito yake inali kuyeza timabowo ta m'pulasitiki tosaoneka ndi maso. Makina ake amaponya tizinthu totchedwa mapozitironi m'pulasitikimo. Tikalowa m'bowo lalikulu timakhalitsa, m'laling'ono timazimirira msanga. Ukatero umadziwa ngati chinyezi chingadutse kapena ayi.

Tsiku lina kampani ina inabweretsa pulasitiki yofuna kukutira mankhwala. Mkulu wa labuyo, mayi wosaseka pa ntchito, anati, "Achangu, muyambe mwaiumitsa bwinobwino. Madzi akadzaza m'timabowomo makina anama, tioneka tating'ono."

"Ndamva, bwana," anayankha, maso ali pa foni. Masana amenewo kunali mpira. Mayi aja atangotuluka, iye anapukuta pulasitikiyo ndi malaya n'kuiponya m'makina. Ndi malaya! Munthu wopita kusukulu! Zotsatira zinatuluka zokongola, timabowo tating'ono tozungulira. Anasaina, ulendo ku mpira, ndipo madzulo anadzitama kwa mkazi wake, akutchula dzina la kampaniyo, kuti ntchito ya sabata waimaliza tsiku limodzi.

Chonsecho timabowoto tinali tatitali ngati njira za chiswe, chinyezi chikungolowa mmene chikufunira.

Patapita miyezi, mwana wake wamkazi, wodwala khunyu amene anali atasiya kugwa chifukwa cha mankhwala, anagwera pa chitofu n'kupsa dzanja lonse. Kuchipatala Achangu analusa. "Mwanayu akumwa mankhwala tsiku lililonse! Mukutipatsa chiyani anthu inu?"

Dokotala anatenga paketi ya mankhwala a mwanayo, natulutsa piritsi limodzi. Linangophwanyika m'zala ngati dothi lonyowa.

"Bambo, mankhwalawa analowa chinyezi, anatha mphamvu. Pulasitikiyi ndi yachabechabe. Kaya ndi chitsiru chanji chinaivomereza."

Achangu anatembenuza paketi ija, n'kuona dzina la kampani yomwe ija. Mkazi wake analionanso dzinalo. Anayang'ana dzanja la mwana lokulungidwa ndi bandeji, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a mwana, kodi mpira uja munawina?"

Phunziro: Inu amene mumasaina zinthu musanaziyeze bwino, manyazi akugwireni! Chimene mwachivomereza mwaulesi sichipita kutali, chidzalowa m'nyumba mwanu momwe. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizirani aliyense amene amathamangira kuweruka.