Notisi ya Mwezi Umodzi

Abwana atalowa mu ofesi Lolemba m'mawa anangoti kakasi pakhomo. Mayi uja anali pa desiki yake, kapu ya tiyi pambali, zala zili pa kompyuta ngati palibe chachitika. Munthu woti anamuchotsa ntchito! Apa n'kuti mwezi wa Malichi utayamba, ndipo notisi yake ya mwezi umodzi inayenera kukhala itatha kalekale.

Mtima unawatentha. Mayiyu, amene anzake ankamutcha Wamagalasi, anamulemba ntchito kuti azilemba mapulogalamu, osati kuphunzitsa eni kampani. Koma pamsonkhano, antchito onse ali tcheru, iye analimba mtima n'kunena kuti pulogalamu yosindikiza makalata siidziwa kuwonjezera mwezi pa deti. Pulogalamu imene abwanawo anailemba ndi manja awo, kampani isanagule ngakhale mpando wachiwiri! Mayiyo atayamba kufotokoza, abwana anamudula pakamwa. Chipongwe chotere sanachionepo chibadwire.

Tsiku lomwelo, lomaliza la Januwale, analamula pulogalamuyo kuti iwonjezere mwezi umodzi. Kalata itatuluka anasaina osaiyang'ana n'komwe, chifukwa munthu sakayikira mwana wobala yekha. Anaiponya pa desiki ya mayiyo ndi kulumbira, aliyense akumva, kuti deti la m'kalatamo ndiye lamulo: lisanafike palibe womukhudza, likakwana asadzaonekenso. Zaka zisanu ndi zinayi za ntchito zinathera pomwepo.

Ndiye lero nayu, akumwa tiyi wa kampani.

Abwana anaitana mlonda, kenako anapita kukaima pamutu pa mayiyo.

"Mayi, manyazi mulibe? Kapena kuwerenga kumakuvutani?"

Wamagalasi sanaimirire. Nayenso mkwiyo unali ukumudya kwa mwezi wathunthu. Anatsegula dilowa n'kutulutsa kalata ija. Anawafunsa ngati akukumbukira lumbiro lawo lija. Iwo anati akulikumbukira bwino lomwe, ndipo analibwereza mokweza kuti mlonda naye amve, mawu ndi mawu.

"Chabwino, bwana. Werengani nokha."

Abwana anaitsomphola kalatayo m'manja mwake. Pamwamba penipeni pa siginecha yawo panalembedwa kuti: "Tsiku lanu lomaliza kugwira ntchito ndi 31 Febuluwale."

"Likafika mudzandiuze," anatero mayiyo, n'kubwerera pa kompyuta yake.