Tsamba Laulere la Kwaya ya ku Chilomoni

Panali munthu wina ku Chilomoni, dzina lake Chipulikano, amene ankaphunzitsa kwaya ya amayi pa tchalitchi china. Amene anaona ndi maso akuti izi zinachitika mu 1999, Intaneti itangofika kumene m'maofesi a m'tauni.

Amayiwo anali atajambula kaseti ya nyimbo. Wina anawauza kuti akakhala ndi tsamba pa Intaneti, Amalawi a ku Joni ndi ku Ulaya aziitanitsa kasetiyo. Anasonkha ndalama, ena za mandasi, ena za kaunjika, n'kupatsa Chipulikano kuti akakonze zonse.

Iye anayamba wakafunsa mlamu wake Joan, yemwe ankagwira ntchito ya makompyuta ku Limbe. Joan anamufotokozera kuti tsamba limafuna pokhala. Limasungidwa pa kompyuta yaikulu ya kampani ina, yosazimitsidwa, ndipo malowo umachita lendi. Anamulangiza kuti atenge malo ochepa poti kwaya sifuna ambiri, achepetse zithunzi kuti zisadye malo, alipire chaka chonse pakamodzi chifukwa mtengo umatsikako, ndipo mawu achinsinsi otsegulira tsambalo akhale m'manja mwa kwaya.

"Koma alamu, zaulere musayerekeze," anatero Joan. "Mwini nyumba wosalipiritsa lendi amapachika chimene wafuna pakhoma pako."

Chipulikano anavomera ndi pakamwa pokha. Tsiku lina mu minibasi anacheza ndi bambo wina wa tayi, wodzitcha Ambrosi, amene anaseka atamva za lendi. Anati ku Amereka malo amangogawa, iye akhoza kukonza zonse atangopatsidwa ya sopo. Chipulikano anamupatsa chithunzi cha kwaya. Patapita masiku, Ambrosi anabwera ndi pepala losonyeza tsambalo, koma linali lodulidwa pamwamba. Chipulikano sanafunse chifukwa chake. Ndalama za amayi zija anagulira jekete yoyera ndi nsapato zosongoka, zoti azivala poimbitsa.

Mmodzi wa oimbawo anali Eliness, mayi wa ana awiri, ndipo pachithunzi anaima kutsogolo. Mwamuna wake Willard anali dalaivala pa kampani ina. Tsiku lina anzake a muofesi anamuitana akuseka.

"Achimwene, tabwerani mudzaone alamu athu atchuka."

Pa kompyuta panali amayi a kwaya atavala yunifolomu, Eliness akumwetulira. Pamwamba pa mitu yawo pankaphethira chithunzi cha akazi achizungu ali maliseche, ndi mawu oitanira amuna. Zinali zotsatsa malonda za eni malo aulere aja. Mlembi wa muofesimo anayesa kunena zimenezo, koma Willard sanamve. Anasindikizitsa pepala n'kulipinda m'thumba.

Atafika kunyumba sanafunse kanthu. Anayamba ndi lamba, anamaliza ndi zibakera, ana akuona. Eliness anatuluka dzino lili m'manja. Pepala lija linayenda pamsika, pampope ndi m'mabala, ndipo amayi ena a kwaya nawonso anamenyedwa.

Loweruka masana, otsala a kwaya akuyeserera nyimbo, amuna awo analowa m'tchalitchi. Chipulikano anali atavala jekete yake ija. Willard anamugwira pakhosi.

"Akazi athu wawagulitsa zingati kwa azungu?"

"Bambo, ndi za kompyuta izi, mundilole ndifotokoze."

Njerwa inamupeza pakamwa. Anamukhwekhwereza mpaka kumsewu. Odutsa sanafunse mlandu. Ena ankati ndi wakuba, ena ankati ndi wopopa magazi, aliyense n'kutola chimene chinali pafupi. Mpalamatabwa wina anamuponda dzanja lamanja n'kuliphwanya ndi mwala. Jekete ija inasanduka yofiira. Kenaka munthu anagubuduza tayala, wina anabwera ndi petulo m'botolo, ana a sukulu atakwera pampanda kuti aone bwino.

Tayala lili kale m'khosi, Eliness analowa pakati pa gululo nkhope ili yotupa, n'kuima motchinga Chipulikano.

"Mukamuotcha, chithunzi changa achotse ndani?" anafunsa.

Amene anagwira machesi anaima. Willard anayang'ana mkazi wake, n'kulamula kuti avule tayalalo, munthuyo akhale moyo mpaka atachotsa zonyansazo. Apolisi anafika anthu akubalalika.

Joan anapita kuchipatala Lolemba kukaona Chipulikano. Anauza mlamu wake kuti kuchotsa tsamba n'kosavuta, iye achita tsiku lomwelo, angomuuza mawu achinsinsi aja. Chipulikano anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira. Mawuwo anali ndi Ambrosi, ndipo iye sankadziwa ngakhale kumene Ambrosi amakhala. Anthu anamufunafuna Ambrosi m'madepoti onse, sanapezeke. Joan analembera eni malo aja ku Amereka, sanayankhe.

Dzanja lija madokotala analidula zala zitatu. Kwaya inatha, makaseti anachita nkhungu m'katoni. Willard ankapita kuofesi n'kupeza chithunzi chikadalipo, mpaka anabweza Eliness kwawo ku Mulanje, ana anatsala ndi azakhali awo. Mayi amene anapulumutsa munthu ku moto anachoka ku Chilomoni atafunda chitenje kumutu, ndipo pa Intaneti anali akumwetulirabe.

Phunziro: Kusunga ndalama si kuthamangira zaulere. Mukafuna tsamba pa Intaneti, lipirani malo ochepa ku kampani yodziwika, tsambalo lioneni ndi maso anu pa kompyuta osati papepala, ndipo mawu achinsinsi musawasiye kwa munthu wa mu minibasi. Ndalama za gulu zigwire ntchito imene anasonkhera. Inunso abambo, funsani musanakweze dzanja, chifukwa ana amaona. Mukawerenga, patsirani mnzanu, makamaka a makwaya ndi a mabungwe.