Nyali za Lole pa Mphambano

Lole itathwanimitsa nyali kawiri, wa kabaza anasiya mabuleki n'kulowa pa mphambano.

Kwawo, dalaivala akakuthwanimitsira nyali ndiye kuti akuti, "Dutsani, achimwene." Mumzinda wachilendowu anali atangothamo sabata imodzi, ndipo palibe anamuuza kuti kuno nyalizo zimati, "Choka, ndikubwera." Kumbuyo kwa njinga yamoto kunali mkazi wake woyembekezera, atavala chisoti chimodzi chokhacho chimene anali nacho.

"Abambo, sikuimatu iyi!" mkaziyo anakuwa, zala zake zikumulowa m'nthiti.

Kutsogolo, basi inali itasiya kampata kochepa. Kumbuyo njinga zinzake zinathinana ngati linthumbu, mahutala ali pokopoko. Kobwerera kunalibe. Lole inkabwerabe, dalaivala wake foni ili kukhutu.

"Ambuye, pulumutsani mayi ndi mwana, awiriwa okha," wa kabaza uja anapemphera mokweza, napotokola mafuta mpaka pamapeto.

Mphepo ya lole inawamenya kumsana. Njinga inadzandira, inakhula nthiti ya basi, n'kukaima m'mphepete mwa msewu. Atacheuka, anaona nsapato ya mkazi wake pakati pa mphambano, itaphwatalala ngati tsamba.

Manja ake anakana kusiya mahandulo. Mkaziyo anatsika phazi limodzi lili pansi, nayamba kumasula zala za mwamuna wake chimodzichimodzi. Kenako anatenga dzanjalo n'kuliika pamimba pake. Mkatimo munagunda kaphazi.

"Ndakumvanitu pemphero lanu lija," anatero. "Musadzawerengenso choncho pamaso pa Mulungu. Tilipo atatu."