Nyemba Zokana Kugawika

Kachitatu, Che Masudi anatsalanso ndi nyemba imodzi m'manja.

Zaka makumi atatu akugawa mbewu za abale ku Chiuaula popanda mkangano, lero nyemba chikwi ndi zisanu ndi zinayi zawakanika pamkeka. Milu iwiri, yatsala imodzi. Milu itatu, chimodzimodzi. Isanu ndi iwiri, yatsalabe.

"Mwathirapo mankhwala, aphunzitsi," anauza mkamwini wawo Nazário, amene anabwera ndi nambalayo kuchokera kusukulu.

"Ayi, bambo. Inalengedwa choncho. Palibe angaigawe mofanana."

"Ngakhale Apwitikizi amene anaduladula minda yathu aja?"

"Ngakhale iwowo."

Mkuluyo anayang'anitsitsa nyembazo. Kenaka anaziwola ndi manja awiri, osagwetsako ndi imodzi yomwe, naitana mkazi wake.

"Mwanamisi, izi musaphike."