Fraser ndi makwinya a msodzi

Panali munthu wina kuno ku Wellington, dzina lake Fraser Kinnaird. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi munthu amene ankayandikana naye desiki. Fraser ankaumba nkhope za anthu a m'mafilimu pa kompyuta, pa kampani ina ya ku Petone. Anagwira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mtima wake wonse unali pa udindo wa mkulu wa oumba.

Ndiye kunabwera mtsikana wina, Ngaire Paewai. Chaka chisanathe, udindo uja anapatsidwa iyeyo. Fraser nsanje inamudya. Anthu akamayamikira ntchito ya Ngaire, iye ankangoti, "Mwayi basi," n'kutuluka kukagula khofi.

Ngaire anaumba nkhope ya msodzi wokalamba, ya makwinya ndi zipsera. Kenako filimu inafuna msodzi yemweyo ali mnyamata. Bwana wawo, mayi Delwyn, anapereka ntchitoyo kwa Fraser. "Chotsani ukalamba wokha. Mphuno, masaya ndi chibwano zikhale momwemo. Tidzaone Lachisanu."

Ngaire anapita pa desiki ya Fraser. "Achimwene, musavutike. Makwinya onse ndinawaika pa chigawo chawochawo, pamwamba pa nkhope. Mungozimitsa chigawocho, nkhope yosalala ili pansi. Koma burashi yosalazira ija musaikhudze, imadya mphuno."

"Iwe, ine ndinayamba kuumba usanadziwe n'komwe poyatsira kompyuta," anatero Fraser. "Ukufuna ukanene kuti ntchito wandigwirira ndiwe eti?"

"Ayi ndithu, ine ndimangoti..."

"Pita ukalamulire anzako uko."

Wansanje amayesa kuti aliyense ali ndi mtima ngati wake. Fraser anati apa pali msampha. Anaphatikiza zigawo zonse kukhala chimodzi, n'kuyamba kusalaza ndi burashi yomwe anamuletsa ija. Tsono burashiyo sidziwa kuti ili ndi khwinya, ili ndi fupa, imangodya zonse. Makwinya anachokadi, koma mphuno inafota, milomo inalowa m'kati, makutu anangotsala tizidutswa. Chinthu ukachiyang'ana masiku atatu maso amazolowera, ndiye iye ankaona ngati wachita zakupsa.

Lachisanu onse anasonkhana m'chipinda choonetsera. Nkhope imene Fraser anakonza inatuluka pa sikirini. Kenako Sione, woumba mnzawo, anaphulika ndi phwete. "Aise, ameneyu ndi msodzi kapena sopo wotsala kubafa?"

Mayi Delwyn sanaseke. "Ngaire, nkhope yako yoyamba ija unaisunga?"

Ngaire anatsegula yake, anadina kamodzi kokha. Makwinya onse anachoka. Panatsala mnyamata wosalala bwino, mphuno yake ili chilili.

Mayi Delwyn anaitanira Fraser ku ofesi. "Ngaire akusamukira ku Vancouver mwezi wamawa. Nditamufunsa woti alowe m'malo mwake, anatchula inuyo. Ine ndinakayika, ndinati a Fraser samva za anzawo. Iye anakuikirani kumbuyo, anati ndikupatseni ntchito iyi kuti ndidzionere ndekha. Inali ntchito ya mphindi zisanu, a Fraser. Ndadzionera."

Fraser anatuluka mu ofesimo. Anabwerera pa desiki yake.

Udindo uja anapatsidwa Sione. Mpaka lero Fraser ali pa desiki yomweyo, ndipo m'mawa uliwonse amadikira Sione kuti amuuze zochita.

Phunziro: Nsanje imakuchititsa kuona mdani pamene pali wokufunira zabwino. Mnzako akakulangiza pa ntchito, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwe, yamba wamva, chifukwa mwina ndi yemweyo akukutchula kwa abwana iwe kulibe. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni m'magulu anu onse, makamaka kwa mnzanu uja amene nkhope imagwa wina akakwezedwa.